Kabeseni ka Bonifasi

Si zoona kuti Bonifasi Mbewe ankapita kuchigayo madzulo aliwonse chifukwa cha Dailes. Nkhaniyo inayenda kuchokera kuno ku Madzimoyo mpaka kumsika wa Kapata m'tauni, ndipo alipo amayi ena amene mpaka lero amalumbira kuti anaona ndi maso awo. Koma mukawafunsitsa chimene anaona, amati anaona mwamuna atanyamula kabeseni. Kabeseniko kanalipodi, palibe akukana. Zina zonsezo anawonjezera ndi anthu amene madzulo amawatalikira.

Bonifasi si wakuno. Anabadwira ku Chipangali kwa olima nshawa, mtedza uja, ndipo m'mudzi muno anabwera ngati mkamwini atakwatira Edita. Anafika ndi njinga yopanda mabuleki, khasu limodzi, ndi mawu. Mawuwo ndiwo anthu anayamba kumudziwira. Mwiniwake ndi wochepa thupi, khosi ngati la nkhuku yovumbwa ndi mvula, koma akatsegula pakamwa mumacheuka kufuna kuona ng'ombe imene yalira. Lamulungu lake loyamba analowa kwaya. Woyimbitsa atamumva anamuimika kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, n'kumupempha mwaulemu kuti pa nyimbo za Amayi Mariya azingogwedeza milomo. Bonifasi sanakhumudwe. Iye sakhumudwa msanga ndipo salankhula zambiri. Ena amati n'kufatsa, ena amati mutu wake umayenda ngati njinga yake ija pachitunda.

Monga mkamwini aliyense, analima munda wa akuchikazi, thonje kumtunda, chimanga kumunsi, ndipo pa milandu ya pamudzi ankakhala kumapeto kwa mphasa n'kumavomera. Mwini mbumba anali mlongo wake wa Edita, a Whiteson, munthu wovala jekete ngakhale mwezi wa Okutobala. A Whiteson ankakonda kunena, alamu awo akumva, kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Bonifasi ankaseka nawo limodzi, poti sankadziwa china chochita.

Edita ankagwira ntchito kuchigayo cha Dailes, mayi wamasiye amene mwamuna wake anamusiyira injini ya dizilo ndi kanyumba ka malata m'mphepete mwa msewu. Pakamwa pakuthwa anali napo kale, sanachite kusiyiridwa. Ntchito ya Edita inali kuthira chimanga, kugwira thumba kotulukira ufa, ndi kusesa. Atabereka mwana wamkazi, Tiyamike, sanakhalitse pakhomo. Mchombo utangogwa anabwerera kuntchito, khanda lili kumsana. Choncho Tiyamike anakulira m'phokoso, nsidze zili mbuu ndi ufa. Ankayamwa injini ikulira, ankagona injini ikulira, ndipo kalelo palibe amene anaona chachilendo.

Edita anamwalira m'dzinja, mwana atangoyamba kuyenda. Anadwala masiku ochepa chabe. Anapita naye kuchipatala m'tauni, n'kubwera naye m'bokosi.

Maliro atatha, a Whiteson anakonza zinthu monga mwa mwambo. Bonifasi akhalebe pamudzi mpaka akolole, pamene akuchikazi adzamusudzule, ndiye kuti kumumasula kuti angathe kubwerera kwawo kapena kukwatiranso. Asanamusudzule, asayandikire mkazi aliyense. Za mwana sanachite kutchula, poti aliyense amadziwa kuti mwana ndi wa kwa amake. Koma akazi awo a Whiteson anali ndi khanda lawo, ndipo Hellen, mng'ono wake wa Edita wogulitsa salaula, zovala za kaunjika, ku Kapata, anati ayambe wakonza kaye malo. Motero Tiyamike anatsala m'manja mwa atate ake, mongobwereka.

Bonifasi sanafune kuti kukhale kubwereka. Sananene, koma zinkaoneka. Anatenga chitenje cha malemu mkazi wake n'kuphunzira kubereka mwana, mfundo ili pachifuwa chopanda kanthucho. Amuna anzake anamuseka, ena ankamufunsa ngati mkaka wayamba kutuluka. Iye ankangopita kumunda, mwana kumsana, khasu paphewa.

Usana zinkayenda. Vuto linali dzuwa likalowa. Tiyamike akangoona kuti kwada ndipo bere la amake kulibe, ankayamba kulira, ndipo ankalira kulira kwa munthu amene sakufulumira kupita kulikonse. Bonifasi anayesa zonse zimene anauzidwa. Anamudyetsa phala la nshawa mpaka kamimba kuti nga. Anamusambitsa madzi ofunda. Anamuika chitenje cha amake kumutu. Anawaza madzi odalitsidwa m'makona onse a nyumba. Anayesa kumuimbira nyimbo ya kukwaya, agalu a mudzi wonse n'kuyamba kuuwa. Akazi awo a Whiteson, amene anaberekapo kangapo ndipo salola kuti muiwale, analamula kuti nyumba izikhala zii, nyali yozima, wailesi yotseka, munthu asatsokomole. Bonifasi anamvera, ndipo mwana analira kuposa kale. Amayi ena anayamba kunong'ona kuti malemu akuitana mwana wawo. Bonifasi ankadzuka maso ali psuu, n'kumalimira thonje akuwodzera. Tsiku lina anapalira mzere wonse wa munda wa eni ake asanazindikire.

Mankhwala anawapeza mwangozi. Ufa unatha m'nyumba, ndipo anakweza thumba la chimanga panjinga chakumadzulo, atachoka kumunda. Anafika Dailes akutseka, mwana atayamba kale nyimbo yake. Dailes anatukwana pang'ono, koma analiza injini. Itangotsokomola n'kugwira mawu ake, makoma a malata n'kuyamba kunjenjemera, Bonifasi anamva kamutu kakugwera pamsana pake. Anaganiza kuti mwana wakomoka. Anamutembenuza mwamantha, n'kupeza ali m'tulo, kukamwa kuli yasa, dovu likutsika. Anagona njira yonse yobwerera, anagona pomutsitsa pamphasa, anagona mpaka tambala.

Mutu wa Bonifasi ungakhale wochedwa, koma pamenepa unafika. Mawa lake sanatengenso thumba. Anatenga kabeseni kamodzi, n'kufika nthawi yomweyo yotsekera. Dailes anamuyang'ana, anayang'ana kabeseniko, n'kunena kuti injini yake si wailesi yoti aziyatsira aliyense wosungulumwa. Kenaka anayang'ana mwana wa Edita, amene anamuona akukula pansi pa denga lomwelo, ndipo anavomera. Anagwirizana kuti Bonifasi azipukusa yekha injini poyiliza, azitunga madzi a m'mgolo woziziritsira, ndipo azisesa akamaliza. Dailes ankakhala panja pampando, atafulatira, akutafuna nzimbe.

Mwamuna wogayitsa kabeseni tsiku ndi tsiku sangabisike. Ufa unadzaza m'nyumba mwake mpaka m'ndowa yosambira. Chimanga chake chitayamba kuchepa, anayamba kuzungulira m'makomo kufunsa amayi ngati ali ndi chogayitsa kuti awanyamulire. Amayiwo anamupatsa mokondwa, ndipo akangotembenuka ankagwirana m'manja ndi kuseka. Pachitsime nkhani inali itapsa kale. Mwamuna wamasiye, mkazi wamasiye, kanyumba ka malata, dzuwa litalowa, ndi injini yobisa mawu. Wina anati mwanayo amamutenga ngati chophimba m'maso. Wina anati Dailes wayamba kudzola mafuta onunkhira, ndipo zimenezo zinali zoona.

Zikanathera pa kuseka, koma Tiyamike anayamba kumera mano a m'mbali. Anatsegula m'mimba, masaya n'kugwa. Apa nkhani inasanduka mlandu. Kwathu kuno zimadziwika kuti kholo likayenda njira zosayenera n'kubwera kudzagwira mwana wamng'ono, mwanayo amadwala tsempho, amawonda, ndipo angathe kufa. Akutchalitchi amati zimenezo anazisiya kalekale, koma amazisiya Lamulungu lokha. Akazi awo a Whiteson anatsina tsaya la mwana n'kupukusa mutu, ndipo tsiku lomwelo a Whiteson anavala jekete lawo labwino n'kuitanitsa alamu awo.

Bonifasi sanabise kanthu, ndipo apa m'pamene anthu amaiwala dala. Anagwada n'kunena zonse mwachidule.

"Alamu, mwanayu sagona popanda chigayo. Akamva injini ndiye amagona."

A Whiteson anayang'ana akazi awo, akazi awo anayang'ana kumwamba.

"A Mbewe," anatero a Whiteson, "bodza limafuna ulemu. Mukafuna kunamiza akulu, muzilikonza bwino. Mwana wa munthu kugona m'phokoso loti ngakhale mbuzi zimathawa?"

Bonifasi anawapempha kuti apite akaone okha. A Whiteson anayankha kuti iwo si mwana woti n'kuitanidwa kukaonera sewero lokonzeratu. Komabe anapita, mwa njira yawo. Madzulo a tsiku lotsatira anazemba kudzera m'munda wa mpendadzuwa n'kukabisala kuseri kwa chigayo, pafupi ndi paipi yotulutsa utsi, diso lili pabowo la lata. Anaona Bonifasi akupukusa injini, akuthira kabeseni kake pang'onopang'ono ngati munthu wothira mchere kuti kasathe msanga. Anaona mwana akugona. Anaona Dailes ali panja, nsana kuchitseko, akulavula makoko a nzimbe. Injini inawapemerera mwaye kumaso ndi pajekete, koma anapirira mpaka kumapeto, akudikira tchimo limene silinabwere.

Munthu wina akanabwerera kwawo mwakachetechete. Koma pochoka, a Whiteson anapunthwa pa chingwe choyanikira, ndipo pachingwepo panali ovolosi ya mwamuna, yabuluu, yochapa kumene. Inali yaikulu moti Bonifasi akanalowamo pamodzi ndi njinga yake. A Whiteson sanayeze. Anaipinda n'kuiika m'khwapa, ndipo m'mawa anauza mbumba yonse kuti awiriwo anadziwa kuti akuonedwa, n'chifukwa chake anadziyeretsa, koma umboni ndi uwu. Dailes atafunsidwa za ovolosiyo anati chingwe n'chake ndipo amayanikapo zimene wafuna. Sanawonjezere liwu limodzi lothandiza Bonifasi.

Akuchikazi anagamula kuti mwana achoke m'manja mwa atate ake, ndipo Hellen anabwera pa minibasi kudzamutenga. Bonifasi sanakangane naye. Analongedza timadiresi m'pepala la pulasitiki, anapinda chitenje cha Edita n'kuika pamwamba, ndipo anaperekeza mpaka kumsewu. Kumeneko anauza Hellen motsitsa mawu kuti akafika afunse kumene kuli chigayo chapafupi.

"Alamu," anatero Hellen, "kutauni ufa timagula m'sitolo."

Masiku otsatirawo nyumba ya Bonifasi inali zii monga mmene akazi awo a Whiteson ankafunira. Iye ankapita kumunda, ankabwera, ankakhala pakhonde mpaka mdima, kabeseni kali pambali pake kopanda kanthu. Kuchigayo sanapondeko. Pachitsime anati chikondi chatha chifukwa chaululika.

Ku Kapata, Hellen ankakhala m'nyumba ya lendi yogawana khoma ndi dalaivala wa minibasi amene ankadzuka nkhuku zisanatsike. Tiyamike anawadziwitsa onse kuti wafika. Hellen anayesa mabisiketi, anayesa zidole, anayesa makatuni a pafoni. Anapita naye kukiliniki, kumene anamuuza kuti mwana akumera mano basi, n'kumupatsa madzi a mchere ndi shuga. M'mimba munaleka, masaya anayamba kubwerera, koma kulira kwa madzulo sikunasinthe. Dalaivala uja anayamba ndi kugogoda khoma, kenaka anakadandaula kwa mwini nyumba. Hellen anayamba kuwodzera pamulu wa salaula, ndipo tsiku lina anadzuka n'kupeza kasitomala wachoka ndi siketi osatsanzika. Pamenepo anakumbukira mawu a alamu ake. Anafufuza chigayo, n'kupeza kuti cha m'dera lawo n'chamagetsi, ndipo madzulo chimakhala chotseka, kapena magetsi azima. Anapita usana n'kujambula phokoso lake pafoni. Madzulo anaika foniyo pakhutu pa mwana. Tiyamike anatonthola pang'ono, anaiyang'anitsitsa, anailanda n'kuiponya m'ndowa ya madzi.

Loweruka lotsatira Hellen anatsika minibasi ku Madzimoyo, mwana kumsana, maso olowa m'kati. Sanapite kaye kwa a Whiteson. Anatenga Bonifasi ndi kabeseni kake n'kupita nawo kuchigayo dzuwa likulowa, ndipo anaimirira pakhomo manja m'chiuno mpaka anaona kamutu kaja kakugwa. M'mawa anauza achimwene ake, anthu onse akumva, kuti ngati limeneli ndi tsempho ndiye ndi tsempho lomvera dizilo, ndipo iye kumutenganso mwanayo ayi.

A Whiteson sakanatha kungobweza mawu awo, poti ovolosi inali idakali m'nyumba mwawo. Anaganiza usana wonse n'kutulutsa chigamulo. Mwana akhale ndi atate ake, koma phazi la Bonifasi lisapondenso kuchigayo mpaka atasudzulidwa. Ndipo ngati mwanayo amveka akulira usiku monga kale, ndiye kuti atate ake alephera. Adzamutenga akazi awo a Whiteson, ndipo Bonifasi akangokolola abwerere ku Chipangali yekha ndi njinga yake. Akazi awo a Whiteson sanaoneke okondwa ndi mphatsoyo, koma chigamulo chinali chitatuluka.

Madzulo amenewo anthu anadya msanga. Wailesi zinatsekedwa popanda wolamula. Aliyense anapeza chifukwa chokhalira pakhonde.

Bonifasi anamusambitsa mwana, anamudyetsa phala, anamubereka m'chitenje cha amake chimene chinali chikadanunkha ufa, n'kuyamba kuzungulira pabwalo pake. Mdima utayamba, Tiyamike anakoka mpweya n'kuyamba. Bonifasi anazungulira nkhokwe, anazungulira khola la nkhuku, mwana akukweza mawu. Kwa a Whiteson kunamveka kutsokomola kwa munthu wokhutira. Bonifasi anaima pakati pa bwalo, nkhope kuloza kumsewu kumene kuli chigayo. Anthu amene ankamuona amati anaoneka ngati akufuna kuthamangira komweko, zivute zitani.

Sanathamange. Anawerama, anagwira mpweya ndi dzanja lamanja, n'kuyamba kupukusa injini yosaoneka. Anatsokomola kawiri katatu monga imachitira ikamadzuka. Kenaka anatseka milomo n'kutulutsa mawu aja amene kwaya inawakana, kuchokera pansi pa mimba, du-du-du-du, mosalekeza. Mawondo anali kunjenjemera, zidendene zikugunda pansi, msana wonse ukugwedezeka ngati lata. Nkhuku zinadzuka m'khola. Agalu anayamba kuuwa, kenaka anasokonezeka n'kuleka. Mwana analira pang'ono mokayika, ngati munthu amene akufuna kutsutsa koma mfundo zamuthera, ndipo kenaka kunangotsala injini yokha. Bonifasi sanayerekeze kuzima msanga. Anapitiriza mpaka thukuta kunyowetsa chitenje, n'kumatsitsa mawu pang'onopang'ono monga injini ikamatha mphamvu. Mayi wina wa kumapeto kwa mudzi, amene sanamve za chigamulo, anafika ndi lichero la chimanga pamutu kudzafunsa kuti chigayo chatsopanochi n'cha yani.

A Whiteson anati aone kaye masiku angapo. Anaona, ndipo usiku uliwonse zinali chimodzimodzi. Pachitsime nkhani inasintha, anayamba kunena kuti Bonifasi wazungulira mutu chifukwa chokanidwa ndi Dailes. Iye anamva, ndipo anapitiriza kulira ngati injini.

Thonje litagulitsidwa, kutchalitchi analengeza ukwati wa Dailes ndi Abednego, makaniko wa m'tauni, chimunthu chachitali chodzaza pakhomo. Abednego ameneyu ankabwera sabata ndi sabata kudzakonza lamba wa injini imene palibe anaimvapo itawonongeka. Pamenepo anthu anamvetsa chifukwa chake Dailes sanavutike kutsutsa mphekesera ija. Maso a mudzi wonse anali pa kabeseni, ndipo khomo la kuseri linali lopanda mlonda. Abednego anatuma uthenga waulemu kwa a Whiteson wopempha ovolosi yake. A Whiteson anaibweza itasitidwa, ndipo anauza anthu kuti iwo ankadziwa kuyambira pachiyambi, ankangofuna kuyesa mtima wa mkamwini.

Bonifasi anasudzulidwa monga mwa mwambo, koma ku Chipangali sanabwerere. Anapempha kuti apitirize kulima munda wa mwana wake, ndipo a Whiteson anavomera ngati kuti nzeruyo inali yawo. Mlamba uja sunaterereke. Sanakwatirenso mpaka pano, ngakhale amayi a pachitsime amupezera kale akazi angapo iye osadziwa. Kukwaya akadali kumbuyo pafupi ndi chitseko. Tiyamike tsopano amalankhula, amathamanga, ndipo walemera moti kumubereka n'kovuta. Masiku ano amagona pamphasa, msana wake utatsamira msana wa atate ake, ndipo akaona kuti akuchedwa amawamenya ndi kachigongono n'kunena kuti, "Atate, lizani." Amayi ena a ana ovuta kugona anayesapo kutuma amuna awo kuti akaphunzire, koma ana awo anangochita mantha.

Mukadutsa cha kuno dzuwa litangolowa n'kumva chigayo chikulira pakati pa nyumba, musatenge chimanga. Ndipo wina akakuuzani za Dailes, mufunseni chimene anaona.

Bonifasi ankapita kuchigayo kukagonetsa mwana wake.